Ufa wa mapuloteni kapena chakudya cha m'mbale? Mafunso ndi mayankho kwa onyamula zitsulo

Awa ndi mafunso amene ndimafunsidwa mobwerezabwereza ndi anthu ofuna kukuza minofu, ena ongoyamba kumene, ena oti zitsulo anazizolowera kalekale. Ndayamba ndi osavuta, ozama ali chakumapeto. Amene ali ndi matenda a impso kapena a chiwindi, komanso amayi oyembekezera, ayambe aonana ndi dokotala asanasinthe kadyedwe kawo.

Kodi ufa wa mapuloteni ndi mankhwala?

Ayi, ndi chakudya. Ufa wofala kwambiri, wotchedwa whey, umachokera ku mkaka wa ng'ombe. Akamapanga tchizi, mkaka umalekana pawiri: zolimba zimapita ku tchizi, ndipo pamatsala madzi otuwira chikasu. Madzi amenewo ndiwo whey. Kale opanga tchizi ankawataya kapena kumwetsa nkhumba. Masiku ano amawasefa kuti achotsemo mafuta ndi shuga wambiri, kenako n'kuwaumitsa mpaka asanduke ufa. Pa mapuloteni onse a mu mkaka wa ng'ombe, pafupifupi 20 peresenti ndi whey, ndipo 80 peresenti ndi mtundu wina wotchedwa casein, umenenso amaugulitsa ngati ufa. Palinso ufa wa soya, wa nsawawa, wa mpunga ndi wa mazira.

Chimene chimasokoneza anthu ndi chitini chachikulu chija, chojambulidwa munthu wa minofu yotupa. Makolo ena akachiona m'chipinda cha mwana wawo amada nkhawa kuti wayamba ma steroid, mankhwala okuza minofu, pomwe mwanayo naye akuganiza kuti wagula chinsinsi cha minofu. Onse awiri akulakwitsa mofanana.

Kodi minofu ingakule popanda ufawu?

Inde, n'kukula bwinobwino. Eugen Sandow, amene anakonza mpikisano waukulu woyamba woonetsa minofu ku Royal Albert Hall mu London m'chaka cha 1901, anamanga thupi lake ufa wa m'zitiniwu usanabwere. Unayamba kugulitsidwa kwa onyamula zitsulo m'zaka za m'ma 1950.

Chifukwa chake chili m'mimba. Puloteni iliyonse imapangidwa ndi tizidutswa totchedwa ma amino acid. Thupi limagwiritsa ntchito mitundu 20, ndipo 9 mwa imeneyi silingathe kupanga lokha, imayenera kuchokera ku chakudya. Mukadya dzira, nsomba, nyemba kapena kumwa whey, m'mimba ndi m'matumbo zonsezi zimaphwanyidwa kukhala tizidutswa tomweto, n'kulowa m'magazi. Pofika ku minofu sitikhala ndi chizindikiro choti itu tachokera m'chitini kapena mumphika. Chimene chimauza minofu kuti ikule ndi kulemedwa ndi zitsulo. Mapuloteni ali ngati njerwa, ndipo njerwa zikaunjikidwa popanda mmisiri zimangokhala mulu.

Ndikufunika mapuloteni ochuluka bwanji patsiku?

Funso ili ndilo mwini nkhani, ndipo amene walimvetsa sadzavutikanso ndi ena ambiri ali m'munsimu. Muyezo umatengera kulemera kwa thupi lanu. Munthu wamkulu wosachita masewera olimba amafunika pafupifupi magalamu 0.8 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Lipoti la WHO (bungwe la zaumoyo padziko lonse), FAO (la zakudya ndi ulimi) ndi United Nations University la mu 2007 linaika 0.83. Koma muyezo umenewo ndi woti munthu asaperewere, si woti akuze minofu.

Mu 2018, Robert Morton, Stuart Phillips wa ku McMaster University ku Canada ndi anzawo anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 49 wa anthu 1,863 amene ankanyamula zitsulo. Anapeza kuti phindu la mapuloteni limakwera mpaka pafupifupi magalamu 1.6 pa kilogalamu patsiku, kenako limaima. Poti anthu amasiyana, ena angafunike mpaka 2.2. Bungwe la International Society of Sports Nutrition mu 2017 linati 1.4 mpaka 2.0 n'zokwanira kwa anthu ambiri ochita masewera.

Choncho ngati mukulemera makilogalamu 70, chulukitsani 70 ndi 1.6, mupeza magalamu 112 patsiku. Wa makilogalamu 60 afunika 96, wa 85 afunika 136. Amene ali ndi mafuta ambiri m'thupi awerengere pa kulemera kumene akufuna kufika, osati kumene ali nako panopa, apo ayi nambala ikwera mopanda tanthauzo.

Magalamu amenewo amaoneka bwanji m'mbale?

Choyamba, magalamu 100 a nyama si magalamu 100 a mapuloteni. Ambiri amaphonya pamenepa. Gawo lalikulu la nyama ndi madzi. Chidali cha nkhuku chophika cholemera magalamu 100 chimakupatsani mapuloteni pafupifupi magalamu 31. Nyama ya ng'ombe yophika yolemera chimodzimodzi ili cha m'ma 26, nsomba yophika pakati pa 20 ndi 25, nyemba zophika 8 kapena 9. Dzira lalikulu lili ndi magalamu 6, kapu ya mkaka ya mamililita 250 ili ndi 8. Mtedza uli ndi 25 pa magalamu 100, koma pafupifupi theka la mtedza ndi mafuta, ndiye umabwera ndi makalori (muyezo wa mphamvu ya m'chakudya) ambiri. Kasupuni koyezera kamene kamakhala m'chitini cha whey kamapereka pakati pa 20 ndi 25.

Tiyeni titenge munthu wa makilogalamu 70 uja. M'mawa mazira atatu ndi kapu ya mkaka: 26. Masana nkhuku yolemera magalamu 120 ndi mpunga: pafupifupi 41, chifukwa mpunganso uli ndi pang'ono. Madzulo nsomba ya magalamu 120 ndi nyemba magalamu 150: pafupifupi 39. Mtedza wodzaza dzanja limodzi nthawi ina masana: 7. Zonse pamodzi 113, ndipo chitini sichinatsegulidwe n'komwe.

Ndimalimbikitsa aliyense kuti alembe zimene amadya kwa masiku atatu asanagule chilichonse. Ena amadzapeza kuti akukwanitsa kale. Ena amadzidzimuka kuti sakufika ngakhale theka, ndipo vuto lili pa chakudya cha m'mawa chimene ndi tiyi ndi buledi basi.

Ndiye ufa umawonjezera minofu yochuluka bwanji?

Mu kafukufuku wa Morton uja, amene anapatsidwa mapuloteni owonjezera anaposa anzawo ndi pafupifupi makilogalamu 0.3 a thupi lopanda mafuta, pa masabata angapo kapena miyezi ingapo yonyamula zitsulo. Ndi phindu lenileni, koma laling'ono poyerekeza ndi limene zitsulozo zinabweretsa kwa magulu onse awiri. Ndiponso mapuloteni owonjezerawo sanali ufa okha. M'kafukufuku wina anali mkaka, yogati kapena nyama. Amene akudya kale magalamu 1.6 pa kilogalamu asayembekezere kuti chitini chimusinthe. Kukula kwa minofu n'kwa miyezi ndi zaka, paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kodi chakudya chili ndi chiyani chimene ufa ulibe?

Zambiri, ndipo apa ndi pamene mtima wanga wagona. Ufa ndi chinthu chimodzi chimene achipatula kwa zinzake. Nyama imabwera ndi ayironi, zinki ndi vitamini B12. Nsomba zamafuta zimabwera ndi omega-3 ndi vitamini D. Chikasu cha dzira chili ndi choline ndi mavitamini A ndi D. Nyemba ndi mphodza zimabwera ndi fiber, folate ndi potaziyamu. Munthu wonyamula zitsulo amafunika zonsezi kuti magazi anyamule mpweya, mafupa alimbe, m'mimba muziyenda bwino, ndiponso kuti achire pakati pa tsiku la masewera ndi linzake.

Palinso china chimene akatswiri akuchifufuzabe. Mu 2017, ku University of Illinois, Stephan van Vliet ndi Nicholas Burd anapatsa anyamata mazira atangomaliza kunyamula zitsulo. Tsiku lina anadya mazira athunthu, tsiku lina zoyera zokha, koma mapuloteni anali magalamu 18 konsekonse. Atayeza minofu anapeza kuti mazira athunthu anakweza ntchito yomanga minofu ndi pafupifupi 40 peresenti kuposa zoyera zokha. Mapuloteni ofanana, zotsatira zosiyana. Kafukufukuyo anali wa anthu ochepa ndipo anayeza maola ochepa chabe, ndiye tisamukokere patali. Komabe akutichenjeza kuti chakudya si nambala ya mapuloteni yokha, ndipo ine zimandipweteka ndikaona munthu akutaya chikasu cha dzira mu sinki.

Chachitatu ndi kukhuta. Chakudya chotafuna chimakhalitsa m'mimba kuposa chakumwa. Kwa amene akufuna kuchepetsa mafuta, mbale ya nsomba ndi masamba imamugwira mpaka madzulo, pomwe botolo la whey latha m'mphindi imodzi ndipo pakangopita ola njala yabweranso.

Nanga ufa umaposa chakudya pati?

Pa kuphweka. Suphikidwa, sufuna firiji usanasungunulidwe, ndipo umalowa m'chikwama. Mayi wina amene ndinkachita naye masewera anali namwino wogwira ntchito usiku. Ankabwera ku jimu m'mawa akuweruka, maso ali psuu, ndipo akamaliza ankakhala pa benchi n'kutulutsa botolo limene anathiramo ufa dzulo lake, n'kuthira madzi, kukhutchumula, kumwa, ulendo wokagona. Kumuuza kuti akayambe kuphika nsomba nthawi imeneyo kukanakhala kusamumvetsa. Madzulo akadzuka ankadya chakudya chenicheni. Ufa unkangotseka mpata umodzi umene ntchito yake inaung'amba, ndipo ntchito yoyenera ya ufa ndi imeneyo.

Umathandizanso anthu amene sakhala ndi chilakolako cha chakudya, amene atangomaliza masewera sangathe kumeza cholimba, ndi anthu a matupi aakulu amene muyezo wawo ukupitirira magalamu 160 patsiku. Kwa amene akuchepetsa makalori, kasupuni ka whey kamapereka magalamu oposa 20 pa makalori pafupifupi 120. Kuti mupeze omwewo mu mtedza mudya makalori oposa 450.

Amati whey amalowa m'magazi msanga. Kodi zimenezi zimakuza minofu kwambiri?

Kulowa msangako n'koona. Mu 1997, Yves Boirie ndi anzake ku France anaonetsa kuti whey amakweza ma amino acid m'magazi mofulumira n'kutsikanso msanga, pomwe casein amaundana m'mimba n'kumatuluka pang'onopang'ono kwa maola ambiri. Whey alinso ndi leucine wambiri, woposa 10 peresenti ya mapuloteni ake. Leucine ndi amino acid amene amayatsa ntchito yomanga minofu, ndipo magalamu 2 kapena 3 pa chakudya chimodzi amakwanira kuiyatsa.

Koma kuyeza magazi kwa maola atatu ndi kuyeza mkono pakatha miyezi itatu n'zosiyana. Mapuloteni a tsiku lonse akakhala okwanira, kusiyana kwa liwiro kumazilala. Nkhuku, nsomba, mazira ndi mkaka nazonso zili ndi leucine wokwanira. Magalamu 30 a mapuloteni ochokera ku zimenezi amafika pa muyezo uja.

Kodi ndiyenera kumwa pasanathe mphindi 30 ndikamaliza masewera?

Ayi. Mu 2013, Brad Schoenfeld, Alan Aragon ndi James Krieger anaunika kafukufuku wosiyanasiyana pa nkhani ya nthawi, ndipo anapeza kuti chimene chinkaoneka ngati phindu la kumwa msanga chinali kwenikweni phindu la kudya mapuloteni ambiri patsiku. Minofu ikalemedwa imakhala yokonzeka kulandira mapuloteni kwa tsiku lathunthu. Ngati munadya maola awiri musanayambe, chakudyacho chikadali kugayika pamene mukumaliza. Ngati munayamba masewera m'mawa osadya kanthu, musachedwetse chakudya. Kupatula apo, kafikeni kunyumba, sambani, idyani.

Ndinamva kuti thupi silingagwiritse ntchito magalamu oposa 30 nthawi imodzi. N'zoona?

Matumbo amayamwa pafupifupi mapuloteni onse amene mwadya, kungoti akachuluka amatenga nthawi. Mphekeserayi inachokera ku kafukufuku weniweni amene anthu anamumva molakwika. Mu 2009, Daniel Moore ndi anzake anapeza kuti anyamata atachita masewera a miyendo, magalamu 20 a mapuloteni a dzira anafikitsa ntchito yomanga minofu pafupi ndi pachimake, ndipo 40 sanawonjezere zambiri. Koma anayeza maola anayi okha. Mu 2016, ku University of Stirling ku Scotland, anapeza kuti masewera akakhala a thupi lonse, magalamu 40 amaposa 20. Ndipo mu 2023, Jorn Trommelen ndi Luc van Loon a ku Maastricht University anayerekeza magalamu 25 ndi 100 a mapuloteni a mkaka kwa maola 12: a 100 aja anapitiriza kumanga minofu nthawi yaitali.

Kugawa mapuloteni katatu kapena kanayi patsiku, magalamu 20 mpaka 40 ulendo uliwonse, ndi njira yabwino komanso yosavuta m'mimba. Koma mukadya mbale yaikulu madzulo, palibe chimene chatayika.

Concentrate, isolate, hydrolysate: kusiyana kwake n'kotani?

Ndi whey yemweyo wosefedwa mosiyana. Concentrate amakhala ndi mapuloteni mpaka 80 peresenti, chotsalacho ndi mafuta pang'ono ndi shuga wa mu mkaka wotchedwa lactose. Isolate amasefedwanso mpaka 90 peresenti kapena kuposa, ndipo lactose amatsala wochepa kwambiri. Hydrolysate amakhala ataphwanyidwa kale pang'ono, amawawirira mkamwa, ndipo ndiye wodula kwambiri. Ku minofu onse atatu amagwira ntchito yofanana. Isolate ali ndi phindu kwa amene mkaka umawavuta; onani funso la kutupa m'mimba.

Sindidya nyama. Kodi mapuloteni a zomera akwanira?

Akwanira, koma pamafunika nzeru pang'ono. Mbewu monga tirigu, mpunga ndi chimanga zili ndi amino acid wotchedwa lysine wochepa. Nyemba, mphodza ndi nsawawa zili ndi lysine wambiri koma wina wotchedwa methionine wochepa. Zikadyedwa tsiku limodzi zimakwaniritsana, ndipo sikuti mpaka zikhale m'mbale imodzi. Soya yekha ali ndi ma amino acid onse 9 pa muyezo wabwino. Mapuloteni a zomera amagayikanso movutirapo kuposa a nyama, n'chifukwa chake pa muyezo wa ubwino wa mapuloteni wotchedwa DIAAS, umene FAO inalimbikitsa mu 2013, mkaka ndi mazira zimakhala pamwamba, soya pambuyo pake, mbewu pansi.

Ku University of São Paulo ku Brazil, kafukufuku amene anatuluka mu 2021 anayerekeza anyamata osadya chilichonse chochokera ku nyama ndi anyamata odya zonse. Magulu onse anafikitsidwa pa magalamu 1.6 pa kilogalamu, ena ndi ufa wa soya, ena ndi whey, n'kunyamula zitsulo masabata 12. Minofu ndi mphamvu zinakula mofanana.

Vuto lenileni ndi kuchuluka kwa chakudya. Kuti mupeze magalamu 30 m'nyemba zophika muyenera kudya magalamu oposa 300, ndipo kuchita zimenezo kanayi patsiku si masewera. Apa ufa wa soya, kapena wa nsawawa wosakaniza ndi wa mpunga, umathandizadi. Musaiwale vitamini B12, amene zomera sizipereka.

Kodi soya amachepetsa mphamvu zachimuna?

Ayi. Soya ali ndi ma isoflavone amene maonekedwe ake amafanana pang'ono ndi mahomoni achikazi, ndipo mantha anachokera pamenepo. Kafukufuku wambiri wa amuna ataunikidwa pamodzi mu 2010, n'kubwerezedwa mu 2021, sanapeze kuti soya amatsitsa testosterone, homoni yachimuna.

Mapuloteni ambiri sawononga impso?

Kwa munthu wa impso zabwino, umboni umene ulipo sukuonetsa kuwonongeka. Mu 2018, Michaela Devries ndi anzake anaunika kafukufuku 28 ndipo sanapeze kuti kudya mapuloteni ambiri kumafooketsa impso za anthu athanzi. Kwa amene impso zake zikudwala kale nkhani ndi ina: madokotala nthawi zambiri amamuchepetsera mapuloteni, kaya a m'chitini kaya a m'mbale. Chovuta n'choti matenda a impso amayamba mwakachetechete, makamaka kwa odwala shuga ndi a kuthamanga kwa magazi. Ngati muli m'gulu limenelo, kapena m'banja mwanu muli matendawa, kayezetseni magazi ndi mkodzo musanakweze muyezo. Impso sizisiyanitsa ufa ndi nyama. Zimaona kuchuluka kwa zonse pamodzi.

Ndikamwa whey m'mimba mumatupa ndi kulira. Chikuchitika n'chiyani?

Kawirikawiri ndi lactose. Pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse padziko lapansi amachepa mphamvu yogaya shuga ameneyu akakula. Ngati kapu ya mkaka imakuvutani, concentrate naye akuvutani. Yesani isolate kapena ufa wa zomera. Nthawi zina cholakwa ndi zotsekemeretsa zimene amathiramo, monga sorbitol, kapena kumwa masupuni awiri nthawi imodzi mothamanga. Koma ngati mukutuluka zidzolo, kutupa milomo kapena kubanika, limenelo ndi thupi kudana ndi mapuloteni a mkaka enieniwo. Siyani pomwepo, isolate yemwe, ndipo kaonaneni ndi dokotala.

Kodi zimene zalembedwa pa chitini ndi zimenedi zili m'katimo?

Osati nthawi zonse, ndipo ili ndi funso limene ndimafuna anthu atamafunsa asanafunse za liwiro la whey. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'mayiko ambiri zakudya zowonjezerazi siziyezedwa ndi boma zisanafike pamsika monga amachitira ndi mankhwala. Ku United States, kumene makampani ambiri otchuka ali, lamulo la mu 1994 lotchedwa DSHEA linasiya udindo m'manja mwa opanga, ndipo bungwe la boma loona za zakudya ndi mankhwala la FDA limalowererapo katundu ali kale pamsika.

Chinyengo chimodzi chimadalira momwe mapuloteni amayezedwera. Njira yofala imayeza nitrogen m'chakudya n'kuchulukitsa ndi nambala yodziwika, kawirikawiri 6.25. Wopanga wosakhulupirika amathiramo zinthu zotchipa zokhala ndi nitrogen, monga glycine kapena taurine, ndipo makina amawerenga ngati mapuloteni athunthu. Chinyengo cha mtundu umenewu ndi chimene chinachitika ku China mu 2008, pamene mankhwala a m'mafakitale otchedwa melamine anathiridwa mu mkaka wa makanda: ana pafupifupi 300,000 anadwala ndipo asanu ndi mmodzi anamwalira. Glycine si poizoni ngati melamine, koma mumakhala mukulipira mapuloteni amene mulibe.

Vuto lachiwiri ndi zitsulo zoopsa monga mtovu, cadmium ndi arsenic. Mu 2010, magazini ya Consumer Reports inayeza zakumwa za mapuloteni 15 n'kupeza kuti zitatu zinkapitirira malire munthu akamamwa katatu patsiku. Ufa wa zomera umakonda kukhala ndi zochulukirapo chifukwa zomera zimayamwa zitsulozi m'nthaka.

Lachitatu limakhudza a mipikisano. Labotale ya ku Cologne ku Germany, mothandizidwa ndi International Olympic Committee, inayeza zakudya zowonjezera 634 za mitundu yosiyanasiyana zogulidwa m'mayiko 13, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2004 zinaonetsa kuti pafupifupi 15 peresenti zinali ndi ma steroid osalembedwa pa chitini. Malamulo a WADA, bungwe lolimbana ndi mankhwala oletsedwa m'masewera, amati wosewera ndiye ali ndi mlandu pa chilichonse chopezeka m'thupi mwake, kaya anadziwa kaya sanadziwe. N'chifukwa chake pali mabungwe oyeza paokha, monga Informed Sport ndi NSF Certified for Sport, amene chizindikiro chawo chimaikidwa pa chitini. Dzira ndi nsomba sizifuna chizindikiro chotere.

Bwanji ndingomwa mazira osaphika?

Musatero. Kafukufuku wa ku Leuven ku Belgium mu 1998 anapeza kuti thupi limayamwa pafupifupi 51 peresenti ya mapuloteni a dzira laliwisi, koma 91 peresenti ya lophika. Dzira laliwisi lingakhalenso ndi tizilombo ta Salmonella, ndipo choyera chake chili ndi avidin amene amamanga vitamini wotchedwa biotin kuti asalowe m'thupi. Kuwiritsa kumathetsa zonsezi.

Nanga BCAA, collagen, mass gainer ndi creatine?

BCAA ndi ma amino acid atatu okha, leucine, isoleucine ndi valine, pomwe minofu imafuna onse 9. Ali kale m'chakudya chanu. Collagen, puloteni ya m'khungu ndi m'mafupa, alibe tryptophan, mmodzi mwa 9 aja, ndipo leucine wake ndi wochepa, ndiye musamuwerengere pa muyezo wa minofu.

Mass gainer ndi mapuloteni osakaniza ndi maltodextrin wambiri, amene m'thupi amakhala ngati shuga. Ndili mnyamata wowonda ndinagula thumba lalikulu, n'kumamwa kawiri patsiku kwa miyezi iwiri. Sikelo inakwera ndipo ndinasangalala, mpaka tsiku limene ndinayeza ndi tepi: m'chiuno munali mutakula, mkono uli pomwepo. Chakumwacho chinkandikhutitsa moti chakudya chamasana ndinkachisiya, ndiye ndinkasinthanitsa nyama ndi masamba ndi madzi otsekemera. Zinandiwawa, chifukwa ndalama zake ndinazisunga movutikira. Wowonda amafunikadi makalori owonjezera, koma mkaka, mpunga, mtedza ndi mazira zimawapereka pamodzi ndi zina zonse tatchula pa funso la chimene ufa ulibe.

Creatine ndi wosiyana ndi zonsezi. Si puloteni ndipo salowa m'malo mwa chakudya. Amathandiza minofu kubwezeretsa mphamvu pa ntchito yaifupi yolemera. Creatine monohydrate ndi mmodzi mwa zowonjezera zochepa zimene zafufuzidwa kwambiri, ndipo muyezo wozolowereka ndi magalamu 3 mpaka 5 patsiku.

Chotchipa n'chiti, ufa kapena chakudya?

Zimatengera kumene muli, ndiye werengani nokha. Musayang'ane kulemera kwa chitini. Chulukitsani magalamu a mapuloteni a pa supuni imodzi ndi nambala ya masupuni, kenako gawani mtengo ndi yankholo. Chitani chimodzimodzi ndi mazira, mkaka, nyemba ndi nsomba pogwiritsa ntchito manambala a pa funso la m'mbale. Pokumbukira kuti chakudya chikukupatsaninso makalori ndi mavitamini, mbewu za gulu la nyemba zimavuta kuziposa. Ngati ndalama zikukwana chimodzi chokha, gulani chakudya.

Kodi akazi, achinyamata ndi okalamba nawonso ndi chimodzimodzi?

Akazi muyezo wake ndi womwewo pa kilogalamu, ndipo mapuloteni sangawatupitse ngati amuna, chifukwa chimene chimasiyanitsa kwambiri ndi testosterone. Achinyamata amene akukulabe ayambe ndi chakudya, tulo ndi kuphunzira kunyamula bwino. Ufa ndi womalizira, ndipo makolo adziwe.

Okalamba ndi amene ndimawadera nkhawa. Minofu yawo simva msanga mapuloteni, moti imafuna pafupifupi magalamu 0.4 pa kilogalamu pa chakudya chimodzi, pamene ya anyamata imakhutira ndi 0.25. Gulu la akatswiri la PROT-AGE mu 2013 linalimbikitsa magalamu 1.0 mpaka 1.2 pa kilogalamu patsiku kwa opitirira zaka 65, ndi kuposerapo kwa ochita masewera. Koma m'zaka zimenezo chilakolako cha chakudya chimachepa, mano amavuta, nyama imakanika kutafuna. Agogo amene akuyamba kuvutika kudzuka pampando angapindule ndi kapu ya mkaka wothira ufa kuposa mdzukulu wawo wa zaka 22 amene amadya kanayi patsiku.

Ndikasiya kumwa, minofu isanduka mafuta?

Minofu ndi mafuta ndi zinthu ziwiri zosiyana, china sichisanduka chinzake. Mukasiya ufa koma mukukwanitsa muyezo ndi chakudya, palibe chisinthe. Mukasiya zitsulo, minofu imachepa pang'onopang'ono, ndipo ngati mukudyabe monga kale mafuta amabwera pamwamba pake.

Ndawerengera ndipo ndikuperewera magalamu 25. Ndisankhe bwanji chitini?

Tembenuzani chitini muwerenge kumbuyo. Gawani magalamu a mapuloteni ndi kulemera kwa supuni: 24 pa supuni ya magalamu 30 ndi 80 peresenti, zili bwino, 15 pa supuni ya magalamu 40 ndiye kuti mukugula zina. Mndandanda wa zosakaniza ukhale waufupi, ndipo choyamba chikhale puloteni yeniyeniyo. Mukaona glycine kapena taurine atalembedwa payekha, kapena mawu oti zosakaniza zake ndi chinsinsi cha kampani, bwezani pa shelefu. Funani chizindikiro cha oyeza paokha aja, onani tsiku lothera ntchito ndi chidindo cha pakamwa pa chitini ngati sichinang'ambidwe, ndipo ufa wogulitsidwa m'mapepala opanda dzina musaugule.

Yambani ndi chitini chaching'ono, theka la supuni masiku oyamba, muone momwe m'mimba mukulandirira. Sungani pouma, chotseka bwino, ndipo supuni yonyowa isabwerere m'katimo. Mukasungunula imwani pasanathe maola awiri ngati palibe firiji, ndipo botolo mulitsuke ndi sopo tsiku lomwelo, chivindikiro ndi m'mizere yake momwe, chifukwa zotsalira za mkaka zikagona m'chikwama chotentha zimaola ndipo fungo lake limalowerera m'pulasitiki.